Kodi Mwini Wace wa Dzalanyama Ndani?

Munthu akaima pa mseu wa ku Mchinji, pakati pa Mpingu ndi Namitete, napenya kumwera ca kumadzulo, aona mzere wa mapiri obiriwira ngati mtambo wotsamira pansi. Amenewo ndiwo mapiri a Dzalanyama. Ife amene tidabadwira kuno tidazolowera kuwaona, kotero kuti maso athu sawasamalanso, monga munthu sapenya denga la nyumba yace kufikira tsiku lakuti layamba kudontha. Tsopano denga lirikudontha. M'miyezi ya cilimwe utsi ukwera m'mapirimo usana ndi usiku, ndipo mbandakuca, tisanalize belu la sukulu, njinga zosenza matumba a makala zapita kale pa mseu, zirikuthamangira ku mzinda wa Lilongwe.

Tsiku lina, tirikuphunzitsa za mitsinje ya dziko lathu, mnyamata wina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi phiri lija mwini wace ndani?" Anzace anaseka, poyesa kuti wafunsa zopusa. Ifenso tidafuna kumyankha msanga kuti mwini wace ndi boma. Koma mau anatikanirira pakhosi, pakuti boma si munthu mmodzi, ndipo pa phiri limenelo boma liri nao manja ambiri, ena osadziwana ndi anzao. Funso la mwanayo ndilo tifuna kulisanthula m'nkhani ino, ndipo tipempha owerenga athu a ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, amene phirilo aliona patali, kuti asati nkhaniyi nja eni ace a kufupi okha.

Poyamba tikumbutsane cimene ciri m'mapirimo, popeza ambiri a ife tiyesa kuti muli mitengo yokha. M'menemo, ca ku malire a dziko lathu ndi Mozambique, ndimo makolo athu Acewa anaikamo ciyambi ca anthu. Anati pa Kaphirintiwa padatsikira Cauta pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse, mvula irikugwa, thanthwe likali lofewa, kotero kuti mapazi ao anatsala pamwalapo, ndi zizindikiro za khasu ndi mtondo ndi licero. Onse anakhala pamodzi mumtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto. Chire linapsa, nyama zinathawa ndi mkwiyo pa munthu, kupatula galu ndi mbuzi ndi ng'ombe zimene zinathawira kwa iye, ndipo Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Taonani, abale, m'nthano ya makolo cimo loyamba la munthu linali kutentha chire. Ndipo ife adzukulu ao tirikutentha phiri lomwelo limene iwo anasimbirapo nthanoyo.

Kapena wina adzati, "Nanga ife a mpingo tiri nazo ciani nthano zotere?" Timkumbutsa Samuel Ntara, mphunzitsi mnzathu wa ku Nkhoma, amene anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba, nalemba buku la Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940. Iye sanaleka cikhulupiriro cace pakucita ici. Anaona cabe kuti mtundu wosadziwa kumene unacokera uli ngati mwana wamasiye amene sanauzidwa dzina la amace. Kudziwa pamene agogo ako anapempherera sikuli kupempherapo iwe. Ndipo cikadapanda kulembedwa ndi iye, ndi mzungu wa boma W. H. J. Rangeley amene anasindikiza nkhani ya Makewana m'caka ca 1952, zambiri zimene titi tinene pano zikadalowa m'manda pamodzi ndi eni ace.

Kacisi wa Cisumphi anayambira pa Kaphirintiwa, nadzasunthira pa Msinja, m'tsinde mwa mapiri omwewo. Pamenepo padakhala Makewana, ndiko kunena mai wa ana, mkazi wa pfuko la Banda, amene sanameta tsitsi lace, ndipo anthu anakhulupirira kuti mvula iri m'manja mwace. Mafumu akutali anatumiza kwa iye nsembe zao pakugwa cilala. Koma cimene tifuna kuti owerenga acisamale ndi ici, cakuti Makewana sanasunga Msinja yekha. Panali Matsano, akazi opatulidwa kutumikira pa kacisi. Panali Kamundi, wa pfuko la Mbewe, amene anaimira nsato yopatulika ija Thunga, nakhala nayo nchito ya kupeka moto watsopano. Panali Tsang'oma, wosunga ng'oma yochuka ya Mbiriwiri, yoitana anthu ku mapemphero a mvula. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali kugawana kwakukuru kwa mapfuko awiri: a Banda anagwira za mvula ndi za nthaka, a Phiri, ndiwo a Kalonga ndi a Undi, anagwira za ufumu ndi za nkhondo. Mfumu inafuna mvula ya Makewana, Makewana anafuna cichinjirizo ca mfumu, ndipo panalibe mmodzi wakutha kunena kuti, "Mnzangayo ndiribe naye kanthu."

Cotero kusunga malo amodzi ndi manja ambiri si nzeru yacilendo yodza ndi mabungwe a masiku ano iai. Makolo anaidziwa. Koma m'kugawana kwao munali cinthu cimodzi cimene ife tacitaya: nchito iri yonse inali ndi dzina la munthu, ndipo munthuyo anakhala pomwepo, nadya nsima ya pomwepo, nadziwika ndi mwana ali yense. Mbiri iti mvula ikakanitsitsa, mlandu unagwera Tsang'oma, nalipa ndi moyo wace. Cimeneco cinali nkhanza, ndipo palibe wa ife acilakalaka. Koma tikacotsa nkhanzayo patsala coonadi ici, cakuti pa Msinja zinthu zikaipa anthu anadziwa khomo loti agogodepo. Lero tikafunsa za kupsa kwa phiri, makomo ali ambiri, ndipo khomo liri lonse litilozera ku linzace.

Ulemerero wa Msinja unagwa m'nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo, m'theka laciwiri la zaka za m'ma 1800. Pambuyo pace eni atsopano anayamba kufika mmodzi mmodzi. M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana malire ao, natsata msana wa mapiri pamene madzi agawanika, ena kunka ku Zambezi, ena ku nyanja yathu. Motero dziko la Acewa linang'ambika pa Dzalanyama penipeni, osafunsidwa mfumu ngakhale imodzi. M'caka ca 1922 boma la atsamunda linalengeza kuti Dzalanyama ndi nkhalango yosungika, ndipo kufikira lero iri m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango: mahekitala oyandikira 99,000, ogwera m'maboma atatu a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Mtsinje wa Lilongwe utuluka m'menemo, ndipo pa Malingunde anauchinga ndi madamu awiri a Kamuzu, loyamba m'caka ca 1966, laciwiri m'caka ca 1989. Potero bungwe la madzi la Lilongwe Water Board linasanduka mwini wina, pakuti mzinda wonse umwa madzi a phirilo. Lamulo la 1990 linapereka malo a mbiri ndi zinthu zamakedzana m'manja mwa nthambi ina, imene lero iyang'anira nyumba zosungiramo zakale ndi zipilala. A zokopa alendo ali ndi ofesi yao. Makhonsolo a maboma, monga mwa lamulo la 1998, ali ndi gawo lao. M'nkhalangomo muli nyumba yogona alendo, kumene afika anthu a maiko akutali kudzaona mbalame za m'mitengo ya mombo ndi tsamba. M'caka ca 2015, kudula mitengo kutafika poopsa, boma linatumiza asilikari a nkhondo kukalonda, bungwe la madzi lija likuthandiza pa ndalama. Ndipo m'caka ca 2016 Ajapani, mwa bungwe lao la JICA, anayamba nchito yothandiza kusunga nkhalangoyo. Sitinachule mafumu a m'mphepete mwa phiri, ndi mabanja osunga za kacisi, ndi bungwe la Chewa Heritage Foundation, ndi Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika m'dziko la Zambia, kumene Acewa a maiko atatu asonkhana m'mwezi wa August ku mwambo wa Kulamba.

Werengani nokha, abale. Mtsikana wofunsiridwa ndi amuna ambiri otere tikadati ali ndi mwai.

Funso la mnyamata uja litatisautsa, tidapangana ndi aphunzitsi anzathu kuti titenge ana a kalasi lalikuru akaone malo a makolo ndi maso ao, asamangomva m'buku. Tidapita ku ofesi ina kukapempha cilolezo. Anatilandira mwaulemu, natipatsa mpando, nati iwo akhoza kutilola kulowa, koma za malo amene tifuna kukaona sizili zao, tipite kwa anzao. Anzaowo anatilandiranso bwino, nakondwera kuti aphunzitsi alikusamala za mbiri, koma anati alibe munthu wokhala kumeneko, ngakhale galimoto yotiperekeza, ndipo za pa cipata tikafunse kumene tacokera. Ofesi yacitatu inatipatsa pepala la zithunzi zokongola za nyanja. Potsiriza tidakwera njinga kunka ku mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, kumene nyakwawa inatitengera kwa nkhalamba yodziwa njira. Titapereka moni tidati, "Agogo, tadza kudzapempha kuti mutitsogolere ndi ana athu." Iyo inakhala cete nthawi, niti, "Aphunzitsi, njira ndiidziwa ngati cikhato canga. Koma njirayo yatsekeka ndi zitsamba, ndipo ndikalowa ndi cikwanje akandipeza adzati ndine wa makala. Kodi kalata yanuyo ichula dzina langa?" Kalatayo sinachule dzina lace, ndipo panalibe ofesi imene tikadapitako kuti ililembe. Ulendo unathera pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, ana asanacoke ndi pa sukulu pomwe.

Sitinena izi kuti tidandaule za anthu amene tidakomana nao, pakuti ali yense ananena zoona monga mwa malire a nchito yace. Colakwa ciri m'kagawidwe ka nchitoyo. Lamulo liri lonse lipenya cinthu cimodzi, ndipo wanchito wace aphunzira kupenya comweco cokha. Wa nkhalango aona mitengo, nawerenga zitsa. Wa madzi aona matope olowa m'damu. Msilikari aona munthu wolowa popanda cilolezo. Wa zakale aona mwala, wa zokopa alendo aona mlendo ndi cikwama cace. Onsewa aona zoona, koma palibe wolamulidwa kuona phiri lonse monga analionera makolo, amene kwa iwo mtengo ndi mvula ndi kacisi ndi munda zinali nkhani imodzi. Nkhalamba ija, imene yokha iona zonse pamodzi, ndiyo iribe mpando m'lamulo liri lonse. Pamaso pa malamulo iri munthu wa cikwanje basi.

Tionenso kumene mau amphamvu acokera. Pakati pa eni onsewa, amene anamveka msanga ndiye mwini madzi, pakuti madzi ali ndi mtengo wace, ndipo mwezi ndi mwezi a mumzinda alipira. Madamu ataopsezedwa, asilikari anapezeka. Sititsutsa ici, pakuti mzinda wopanda madzi ndi manda. Koma thanthwe la Kaphirintiwa silitumiza munthu kalata ya ngongole, ndipo Msinja ulibe paipi. Cifukwa cace pa misonkhano ya eni phiri nkhani yao ikhala yotsiriza, ikakhalapo konse. Mafumu aitanidwa, inde, napatsidwa mipando ya kutsogolo ndi cakudya ca masana, gule nabvinidwa pamaso pa alendo olemekezeka. Koma kuitanidwa ku phwando ndi kwina, kukhala nao pogawa nyama ndi kwina. Akuru anati akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo limene ulikumbukira moto utafika kale pa nkhokwe silingakuthandize.

Pa za asilikari tinene pang'ono, pakuti m'midzi yathu nkhaniyi inagawa anthu. Anyuzipepala analemba za madandaulo a anthu onena kuti anamenyedwa m'nkhalangomo, ndipo enanso anayamika kuti nkhwangwa zinaceperako. Ife tiona kuti mfuti ikhoza kuimitsa njinga, koma singathe kuzima mbaula ya mumzinda. Wa makala si cirombo. Kawirikawiri ali mbale wathu, wokhala nafe pa benci limodzi tsiku la Sabata, amene fodya anamgwetsa pa mtengo ndipo feteleza anamkanika. Wogula makalawo ndiye wa mumzinda, yemweyo amene amwa madzi a phirilo, ndipo mwina ali kalaliki wa ofesi imodzi ya zija tazichulazi, pakuti magetsi akazima nayenso afuna kudya. Pangano liri lonse la eni phiri limene silifunsa cimene Lilongwe adzaphikira liri ngati kukolopa m'nyumba denga likali cidonthere.

Tiri naco citsanzo pafupi, ku Dedza, cimene tiyenera kuphunzirapo. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala: zofiira, zojambulidwa ndi Akafula amene makolo athu anawapeza m'dziko muno, ndi zoyera, zojambulidwa ndi Acewa pa zinthu za cinamwali ndi za Nyau. Nkhalango ya Chongoni inalengezedwa m'caka ca 1924, ndipo ena a mapangawo, monga Chentcherere, anaikidwa pa mndandanda wa zipilala za dziko m'caka ca 1969. M'caka ca 2006 bungwe la maiko la UNESCO linalemba Chongoni m'gulu la cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Koma polemba linaona bvuto lomweli tirikunenali, lakuti mwala uli wa nthambi ina, mtengo wophimba mwalawo uli wa nthambi ina, ndipo mwambo umene unabala cithunzico uli wa anthu a m'midzi. Cotero linapempha boma kuti pakhale kumvana kwa a nkhalango ndi mafumu pa kagwiritsidwe ka malowo pa miyambo. Taonani, alendo a kutsidya kwa nyanja ndiwo anatikumbutsa kuti tifunse mafumu athu! Mlendo adzadi ndi kalumo kakuthwa, koma ncamanyazi kuti mwini ndevu adikire mlendo. Ndipo cinkana dzina la Chongoni lamveka m'maiko, amene anafikako adziwa kuti pa miyala yina pali maina a anyamata a masiku ano, olembedwa ndi makala pamwamba pa zithunzi za zaka mazanamazana. Dzina lochuka sililonda phanga usiku. Alonda phanga ndi munthu wokhala pafupi, wodziwa kuti phangalo ndi lace, ndi kuti likaipa adzafunsidwa ndiye.

Tsono ena, potopa ndi kucuruka kwa eni, ati cabwino ncakuti phiri lonse liperekedwe kwa mwini mmodzi. Aloza ku Majete, kumene boma linapangana ndi bungwe la African Parks m'caka ca 2003, ndi ku Nkhotakota ndi Liwonde, kumene linacita comweco m'caka ca 2015. Ndipo nzoona kuti m'malo amenewo nyama zinabwerera ndi alendo anacuruka. Atambala awiri salira m'khola limodzi, atero. Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo sitiwapeputsa. Koma njobvu isungika ndi mpanda wa waya, pamene malo a makolo afa ukawamangira mpanda. Kacisi amene eni ace alowamo ndi tikiti wasanduka cionetsero. Ndiponso mwini mmodziyo akadakhala yani? Tikapatsa wa madzi adzatseka njira zonse. Tikapatsa wa alendo adzatsegula ndi zosayenera kutsegulidwa zomwe. Abale athu amene anagwira nchito ku Bulawayo adziwa mapiri a Matobo, m'mene muli kacisi wa mvula wa Njelele. Malowo analembedwa ndi UNESCO m'caka ca 2003, ndipo kumeneko a zinyama, a zakale, makhonsolo ndi mafumu anaikidwa m'bungwe limodzi loyang'anira. Milandu siinathe ndi kumeneko komwe, koma bwalo loikambira liripo.

Nkhani ya zosayenera kutsegulidwa ifuna kuti tiimepo, pakuti apa ndipo kusoweka kwa mau a eni mwambo kupweteka koposa. Gule Wamkuru analemekezedwa ndi UNESCO m'caka ca 2005 monga cuma ca Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo kuyambira pamenepo afunidwa pa msonkhano uli wonse. Mipingo yathu inalimbana ndi Nyau zaka zambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1920, pamene sukulu ndi dambwe zinakanganirana ana, ndipo sitibisa kuti mpaka lero tisiyana nao pa zambiri. Koma ngakhale wotsutsana naye ali nao ufulu wa kunena cimene ciri cobisika m'nyumba mwace. Mlendo akafika ndi makina ojambulira nafuna kuona za cinamwali, kapena kulowa pa dziwe lopatulika, ndani ati inde kapena iai? Kalaliki wa mumzinda sadziwa malire a zinthu izi. Mnyamata woperekeza alendo, pofuna ndalama, adzati inde pa zonse. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni m'caka ca 1976, nasonkhanitsa zigoba za gule ndi mbiri ya Acewa, Angoni ndi Ayao, atakhala zaka zambiri pakati pa eni ace ndi kuphunzira kwa iwo. Kumeneko mlendo apeza khomo limodzi ndi munthu womfotokozera. Koma Mua ndi nyumba yosungiramo. Msinja ndi Kaphirintiwa ndi malo enieniwo, ndipo woyenera kuika malire ace ndiwo mabanja osunga malowo pamodzi ndi anamkungwi. Tinena anamkungwi dala, popeza pa misonkhano ya za phiri pacuruka majekete, cinkana mwini Msinja anali mkazi.

Tisathe mlandu wonse pa maofesi. Ife a m'midzi ndife titentha chire cifukwa ca mbewa zosadzaza ndi mbale yomwe. Ife aphunzitsi taphunzitsa ana maina a mitsinje ya ku Ulaya, osawauza kuti mtsinje umene amwa ucokera kuti. Ndipo ife a mipingo, poopa kuti tingaoneke ngati tibwerera ku zakale, tidatembenuza nkhope, kotero kuti malo a mbiri ya mtundu wathu anatsala opanda wowanenera pakati pa anthu odziwa kulemba kalata. Njerwa za nyumba zathu zopemphereramo zinaochedwa ndi nkhuni zocokera kwina kwace, ndipo sitinafunse kuti nkuti.

Cimene tipempha si cacikuru, ndipo sicifuna lamulo latsopano, pakuti lamulo la nkhalango la 1997 lilola kale kuti boma lipangane ndi midzi pa kusunga nkhalango pamodzi. Tipempha kuti eni onse aja alembe pangano limodzi lonena za malo a makolo m'Dzalanyama, lochula nchito ya yense, ndipo liwerengedwe m'Cicewa pa bwalo la mfumu, osati m'Cingelezi m'hotela ya mumzinda. M'panganomo mukhale dzina la munthu mmodzi wokhala pafupi ndi phiri, wolandira malipiro, amene mphunzitsi kapena mlendo angampeze, ndi amene angafunsidwe moto ukalowa. Kaya alembedwa ndi nthambi iti, ife tiribe nazo kanthu, cikuru ncakuti nthambi zonse zibvomere kalata yace. Osunga malowo alembedwe maina, kuti nkhalamba yolowa kukalambula njira isayesedwe mbala. Ndipo za ndalama, popeza ndipo pathera ubale wambiri: ngati mlendo alipira kanthu, gawo la midzi lidziwike, ndipo kamodzi pa caka ciwerengero cace cinenedwe poyera, monga ticita ndi zopereka za mumpingo, pamene msungicuma aimirira nawerenga mpaka tambala wotsiriza, nkhalamba zirikumvetsera. Mudzi umene uona phindu la mtengo woimirira udzaulonda koposa msilikari. Mafumu a tsidya la Mozambique asaiwalike, pakuti moto sufunsa ciphaso pa malire, ndipo Kaphirintiwa ndi wao monga ali wathu. Ku Mkaika akomana kale caka ndi caka, ndipo nkhaniyi ikhoza kuyambira komweko.

Tidziwa kuti mapangano otere alembedwa ambiri m'dziko muno nagona m'makabati. Cifukwa cace tiikapo mtima pa dzina la munthu koposa pa dzina la komiti, ndi pa kuwerenga poyera koposa pa cidindo. Akuru a mipingo ya kuno, amene mafumu ndi aphungu a khonsolo akhala pansi pa mau ao Sabata ndi Sabata, akhoza kufunsa funso la mnyamata uja pa msonkhano uli wonse wa citukuko, kufikira wina atayankha ndi dzina.

Ife tidzayesanso ulendo wathu m'mwezi wa May, mitsinje itaphwa, udzu usanapse. Talemba kale makalata atatu, ndipo m'kalata iri yonse taikamo dzina la nkhalamba ija, ndi kupempha kuti iloledwe kunyamula cikwanje cace. Tidamva kuti m'dzinja lapitali inadwala miyendo, ndipo mdzukulu wace, amene akadaphunzira njirayo, anapita ku Johannesburg. Mnyamata wofunsa uja ali m'kalasi lotsiriza tsopano, ndipo caka camawa sadzakhalanso ndi ife.